Foda ikakana kutseguka pa kompyuta inayo, yesani izi musanaitane wokonza

Lachiwiri lapitali ndinakwera minibasi pa Chitakale kulowera cha ku Limbuli, chiperoni chikuwaza, ati ku ofesi ina ntchito yaima. Nditafika ndinapeza mayi osunga chuma ali ndi fulashi m'manja, akungozungulira pakati pa matebulo awiri ngati woperekera tiyi pamsonkhano. Mabuku awo onse a ndalama ali pa kompyuta yakale ya patebulo ya Windows 7. Abwana anagula laputopu yatsopano ya Windows 11, ndiye laputopuyo yakanitsitsa kutsegula foda imene makompyuta enawo amatsegula tsiku ndi tsiku. Kukonza kwake sikunakwane ndi mphindi 15 zomwe. Nthawi yodikira kuti minibasi idzaze inaposa ya ntchitoyo.

Funso limeneli ndaliyankha mpaka kutopa nalo, pafoni, pa WhatsApp, ngakhale pamzere wa kubanki, kuchokera kwa eni masiteshonale, alembi a m'sukulu ndi a m'mabungwe a alimi a tiyi kuno ku Mulanje mpaka ku Luchenza ndi ku Thyolo. Ndiye ndalemba kamodzi. Tsatani manambalawa monga aliri, musalumphe.

Tigwirizane kaye mayina. Kompyuta imene ikusunga foda ndiziitchula kuti mwininyumba. Imene ikufuna kulowa mu fodayo ndi mlendo. Makompyuta a Windows akamapatsana mafayilo amalankhulana chilankhulo chotchedwa SMB, ndipo chilankhulochi chili ndi mibadwo. Windows XP imadziwa SMB1 yokha. Windows 7 imafika pa SMB 2.1. Windows 10 ndi 11 zimafika pa 3.1.1, komabe zimatha kutsika n'kulankhula za m'badwo wachiwiri. Choncho Windows 7 ndi Windows 11 zimamvana bwinobwino popanda kuwonjezerapo chilichonse. Gwirani mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

1. Onani ngati onse awiri ali pa netiweki imodzi.

Pa kompyuta iliyonse dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa sikirini yakuda imene ituluke lembani ipconfig ndipo funani mzere wolembedwa IPv4 Address. Mupeza nambala yonga 192.168.1.20. Pa marauta ang'onoang'ono a m'maofesi mwathumu, zigawo zitatu zoyambirira ziyenera kufanana pa makompyuta onse, chomaliza chokha ndicho chisiyane. Wina akakhala pa 192.168.1.20, mnzake pa 192.168.8.104, ndiye kuti sali pamodzi. Kawirikawiri zimakhala kuti kompyuta ya patebulo ili pa waya wa rauta, pamene laputopu ya abwana yadziphatika ku hotspot ya foni yawo m'thumba. Nambala ikayamba ndi 169.254, kompyutayo sinalandire adiresi kuchokera ku rauta n'komwe, ndipo muyang'ane waya kapena rauta imene.

Lembani nambala ya mwininyumba papepala. Mukadali pa sikirini yakudayo lembaninso hostname kuti mudziwe dzina la kompyutayo, nalonso mulilembe. Mukapeza kuti makompyuta awiri ali ndi dzina lofanana, zimene zimachitika pa makompyuta ogulidwa kwa munthu mmodzi amene anawaika Windows mokopera, sinthani limodzi musanapitirire.

Ena amafunsa ngati pakufunika bandulo. Ayi. Mafayilo amangodutsa pa rauta m'chipinda momwemo, intaneti siyikhudzidwa.

2. Uzani Windows kuti netiwekiyo ndi ya pakhomo.

Windows imagawa manetiweki pawiri. Public ndi wa pagulu, ngati Wi-Fi ya pa loji, ndipo pamenepo kompyuta imadzibisa. Private ndi wa anthu odziwana. Windows 11 ikakumana ndi netiweki yatsopano imayamba yaiyesa ya pagulu. Pitani ku Settings, Network & internet, sankhani Wi-Fi kapena Ethernet, tsegulani Properties, ikani Private. Pa Windows 10 njira yake ndi yofananako. Pa Windows 7 tsegulani Network and Sharing Center mu Control Panel, dinani pamene palembedwa Public network ndi kusankha Work network.

Kenako funani Advanced sharing settings, muyatse Network discovery ndi File and printer sharing. Chitani zimenezi pa makompyuta onse awiri. M'munsi mwake muona Password protected sharing. Musaizimitse. Ndikudziwa kuti mnyamata wa kusiteshonale anakuuzani kuti muzimitse, ndipo kale zinkathekadi, koma lero ndiye gwero la mavuto ambiri, monga muone pa nambala 4.

Ngati mukufunafuna HomeGroup imene munazolowera pa Windows 7, lekani. Microsoft inaichotsa mu Windows 10 m'chaka cha 2018, ndipo mu Windows 11 sinalowemo.

3. Gogodani ndi nambala, osadikira kuti dzina lioneke.

Anthu ambiri amatsegula File Explorer, kudina Network, osaonamo kompyuta inayo, basi n'kugamula kuti zakanika. Mndandanda umenewo ndi wosadalirika pa makompyuta a mibadwo yosiyana. Kompyuta ikhoza kusowa pamndandanda koma foda yake n'kumatseguka bwinobwino.

Pa mlendo dinani Windows ndi R, lembani timizere tiwiri topendekera kumanzere, kenako nambala ija, chonchi: \\192.168.1.20 ndipo dinani Enter. Kamzere kameneka kamasokoneza ambiri. Si kaja kali pa batani la funso. Pa kiyibodi ya ku Britain kali kumanzere, pafupi ndi chilembo cha Z, pamene pa ya ku America kali pamwamba pa Enter.

Pakatuluka kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi, sangalalani, mseu ulipo, pitani pa nambala 4. Pakatuluka uthenga wa Windows cannot access, nthawi zina ndi nambala 0x80070035, ndiye kuti mlendo sanafike pachipata. Pa sikirini yakuda ija lembani ping ndi nambala ya mwininyumba. Ikayankha Request timed out, bwererani pa nambala 1 ndi 2. Zikakhala kuti zili bwino, kayikirani zinthu ziwiri. Choyamba ndi antivayirasi yogula kapena yongobwera ndi kompyuta imene ili ndi firewall yakeyake, yotseka doko la 445 limene SMB imadzera. Chachiwiri ndi rauta: ma MiFi ndi marauta ena ali ndi chinthu chotchedwa AP isolation, chimene chimalola aliyense kupita pa intaneti koma kuletsa makompyuta kuonana okhaokha. Chizimitseni mu rautayo. Komanso musamangirire kompyuta ya ofesi ku Wi-Fi yolembedwa Guest, chifukwa imeneyo inapangidwira kulekanitsa anthu.

Ngati mukufunabe kuti dzina lizioneka pa Network, pa mwininyumba dinani Windows ndi R, lembani services.msc, funani Function Discovery Provider Host ndi Function Discovery Resource Publication, zonse muziike pa Automatic ndi kuziyatsa. Koma izi n'zokometsera chabe.

4. Patsani mlendo dzina lodziwika kwa mwininyumba.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa mothamanga.

Kale tinkachita zachidule. Tinkazimitsa Password protected sharing, aliyense n'kumalowa ngati Guest, mlendo wopanda dzina. Windows 7 inalibe nazo vuto. Koma kuyambira 2017 Microsoft inayamba kukana kulowa kotereku pa Windows 10 Enterprise ndi Education, ndipo Windows 11 Pro ya mtundu wa 24H2, umene unatuluka mu 2024, nayonso imakana. Kuwonjezera apo 24H2 Pro imafuna kuti uthenga uliwonse wa SMB ukhale wosainidwa, ndipo mlendo wopanda dzina sangasaine. N'chifukwa chake foda imene imatseguka pa makompyuta atatu akale imakana pa laputopu yatsopano yokha, ndi uthenga wautali wonena za security policies ndi unauthenticated guest access. N'chifukwa chakenso ena amandiuza kuti dzulo zimatheka, lero zakana, osakhudza chilichonse: usiku laputopu inadzikweza yokha kupita pa 24H2. Kuti mudziwe mtundu umene muli nawo, dinani Windows ndi R, lembani winver.

Ganizirani chipata cha pa esiteti ya tiyi. Mlonda wakale ankangokukodolani kuti dutsani. Watsopanoyu akufuna dzina lanu lipezeke m'kaundula. Mungathe kumunyengerera kuti aleke kufunsa, ndipo njira zochitira zimenezo mu Group Policy ndi mu Registry zilipo, koma ine sindikuphunzitsani, chifukwa kulembetsa dzina n'kosavuta kuposa pamenepo ndipo sikudzasweka Windows ikadzasinthanso.

Pa mwininyumba tsegulani akaunti yapadera yongogwirira ntchito imeneyi. Dinani Start, lembani cmd, dinani kumanja pa mbewa ndi kusankha Run as administrator. Lembani:

net user ofesi * /add

Ikufunsani pasiwedi kawiri. Pamene mukulemba sipaoneka chilichonse, ngakhale timadontho. Musadabwe, ikulemba ndithu. Lamulo limeneli limagwira chimodzimodzi pa Windows 7, 10 ndi 11, n'chifukwa chake ndimalikonda kuposa kufunafuna m'mamenyu amene amasintha chaka ndi chaka.

Pali misampha itatu imene ndaona ikukola anthu pano.

Woyamba, akaunti yopanda pasiwedi siloledwa kulowa kudzera pa netiweki. Kompyuta ya mayi aja imangoyaka n'kulowa yokha, ilibe pasiwedi chiyambire. Iwo ankalemba dzina lawo, malo a pasiwedi n'kusiya opanda kanthu, Windows n'kumakana, ndipo inkachita bwino kukana.

Wachiwiri ndi PIN. Ngati mwininyumba ndi Windows 10 kapena 11 imene mumalowa ndi manambala anayi kapena ndi chala, manambalawo si pasiwedi. Amagwira pa kompyuta yokhayo mutakhala pampando wake. Pa netiweki pamafunika pasiwedi yeniyeni ya akaunti ya Microsoft, imene ambiri anaiwala tsiku lomwe anaitsegula, kapena anawatsegulira wogulitsa ku Limbe. Akaunti yapadera ija ya ofesi imakuchotserani mutu wonsewu.

Wachitatu unandichititsapo manyazi ine ndemwe. Ndinakonzera anthu ena ku Thyolo, zonse zikuyenda, ndinalandira yanga n'kumapita. Patatha milungu isanu ndi umodzi foni inalira kuti zafanso. Pasiwedi inali itatha nthawi. Akaunti yotsegulidwa ndi lamulo lija imatsata malire a Windows, amene kawirikawiri amakhala masiku 42. Lembani net accounts muone mzere wa Maximum password age. Kuti isamathe, pa mwininyumba, pa sikirini yakuda ya administrator ija, lembani:

net accounts /maxpwage:unlimited

Tsopano bwererani kwa mlendo, gogodaninso ndi nambala ija. Kabokosi kakatuluka musangolemba kuti ofesi. Yambani ndi dzina la mwininyumba limene munalemba papepala, kamzere kopendekera kamodzi, kenako dzina la akaunti. Ngati kompyutayo ndi CHUMA-PC, mulemba CHUMA-PC\ofesi. Mukapanda kutero, mlendo akhoza kutumiza dzina lake la kwawo kapena la akaunti ya Microsoft, ndipo mwininyumba sangalidziwe. Ngati kabokosiko kalemberatu dzina lina, dinani More choices, kenako Use a different account. Chongani Remember my credentials pokhapokha mwatsimikiza kuti mwalemba zolondola.

5. Tsegulani zitseko zonse ziwiri.

Mwalowa, foda mukuiona, koma mukaidina ikuti You do not have permission, kapena ikutseguka koma kukana kusunga chimene mwasintha. Foda yogawana ili ndi zotchinga ziwiri, chipata cha mpanda ndi chitseko cha nyumba. Ambiri amatsegula chipata chokha.

Pa mwininyumba dinani fodayo kumanja, Properties. Chipata chili pa Sharing: dinani Advanced Sharing, chongani Share this folder, kenako Permissions. Mupezamo Everyone ali ndi Read yokha. Onjezani akaunti ya ofesi, ipatseni Change ngati mukufuna kuti anthu azisunga ndi kusintha mafayilo, ndipo Everyone mumuchotse. Chitseko chili pa Security: dinani Edit, Add, lembani ofesi, dinani Check Names, ipatseni Modify. Windows imayang'ana zonse ziwiri n'kutsata imene ikuletsa kwambiri. Chipata chikati Change, chitseko chikati Read, mungowerenga basi.

Full control musapereke. Palibe mlembi amene amaifuna. Ndipo bokosi la Deny musalikhudze, chifukwa limaposa chilolezo china chilichonse, ndipo mukaliika pa gulu limene inunso mulimo mudzitsekera panja.

Foda yogawana isakhale pa Desktop kapena mu Documents. Malo amenewo ali mkati mwa chipinda cha mwini akaunti, ndipo pa Windows 11 nthawi zambiri amakhala atatengedwa ndi OneDrive, pulogalamu yosungira mafayilo pa intaneti. Pangani foda yatsopano pa C: kapena pa D:, muitche dzina lalifupi lopanda mipata, monga Zogawana, ndipo samutsiranimo mafayilo. Mukasamutsa onaninso pa Security ya fayilo imodzi kapena ziwiri, poti mafayilo osamutsidwa pa disiki yomweyo nthawi zina amabwera ndi zilolezo zawo zakale. Kukopera m'malo modula kumapewetsa zimenezi. Chonde musagawe C: yonse. Ndinaipezapo pa siteshonale ina, pamene aliyense wobwera kudzapulinta kalata ndi laputopu yake akanatha kuwerenga zonse za mwini shopu.

6. Iwalitsani mlendo zakale.

Zonse mwachita bwino koma ikukanabe, kapena siyikufunsanso pasiwedi, ikungoti Access is denied. Ndiye kuti mlendo akukumbukira dzina kapena pasiwedi yolakwika imene munayesa poyamba paja, ndipo akungoitumiza mwakachetechete. Pa mlendo tsegulani Control Panel, Credential Manager, Windows Credentials, chotsani chilichonse chokhala ndi dzina kapena nambala ya mwininyumba. Kenako pa sikirini yakuda, yotsegulidwa mwa masiku onse osati ngati administrator, lembani:

net use * /delete

Vomerani ndi Y. Dziwani kuti lamuloli limadula mafoda onse a pa netiweki amene kompyutayo inalumikiza, choncho tsekani kaye mafayilo. Likuthandizaninso pa uthenga uja wa Multiple connections to a server, umene umabwera mukayesa kulowa kwa mwininyumba mmodzi ndi mayina awiri nthawi imodzi. Zikavutabe, chitani Restart. Ndati Restart, osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 ndi 11 Shut down imasungako zina kuti kompyuta idzayake msanga.

Mukalakwitsa pasiwedi kambirimbiri ndipo mwininyumba ndi Windows 11, imani kaye. Zatsopanozi zimatseka akaunti kwa mphindi 10 mukalakwitsa ka 10, ndiye ngakhale pasiwedi yolondola ikanidwa. Kamweni tiyi, mubwererenso.

7. Musayatse SMB1 chifukwa choti wina wanena.

Wokonza wina aliyense wothamangira ndalama amayambira pamenepa: Turn Windows features on or off, kuchonga SMB 1.0/CIFS File Sharing Support, n'kumapita. Nthawi zina dzina la kompyuta limaonekadi pa Network, ndiye aliyense amayesa kuti mankhwala ndi amenewo. Koma kumbukirani mfundo ija: Windows 7 siyifuna SMB1. Microsoft inasiya kuiika yoyaka mu Windows 10 kuyambira 2017, chaka chomwe vayirasi ya WannaCry inafalikira m'mwezi wa Meyi kudzera pa chiboo cha SMB1, n'kutseka mafayilo m'mayiko ambiri, kuphatikizapo m'zipatala za ku Britain. M'maofesi mwathu muno, mmene fulashi imodzi imayenda kuchoka kusiteshonale kupita kusukulu mpaka kutchalitchi, kuyatsa SMB1 n'kuitanira mavuto.

Ofunadi SMB1 ndi awiri okha amene ndimakumana nawo: kompyuta ya Windows XP imene ikadali moyo, ndi mafotokope akale ogulidwa ogwiritsidwapo kale ntchito amene amasikana n'kutumiza mu foda. Pa XP, samutsani mafayilo, ipumitseni. Pa fotokope, onani kaye ngati opanga ake anatulutsa firmware, pulogalamu ya mkati mwa makinawo, yodziwa SMB2. Ngati palibe, sikanirani pa fulashi yosungidwira ntchito imeneyo yokha. Mukakakamizika ndithu, yatsani SMB1 pa kompyuta imodzi yongolandira masikani, yopanda mabuku a ndalama kapena mayeso a ana.

Kunena zoona, Windows 7 nayonso nthawi yake inatha pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Sindikunena kuti mutaye kompyuta imene ikugwira ntchito, ndalama sizikupezeka. Koma ngati mungasankhe, foda ikhale pa kompyuta yatsopano, yakaleyo ikhale mlendo. Imodzi ikakhala ya Mac, pa Finder sankhani Go, Connect to Server, lembani smb:// ndi nambala ija, dzina ndi pasiwedi ndi zomwe zija.

8. Konzani kuti zisadzafenso magetsi akazima.

Zatheka, foda yatseguka. Dinani kumanja pa fodayo ndi kusankha Map network drive kuti izioneka ngati disiki, mwachitsanzo Z:. Pa Windows 11 mungafunike kudina kaye Show more options.

Koma nambala ija si ya muyaya. Rauta imangobwereketsa. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta ikhoza kupereka 192.168.1.20 kwa foni ya mlonda imene yalumikiza poyamba, mwininyumba n'kulandira ina, ndipo m'mawa disiki ya Z: mudzaipeza ili ndi mtanda wofiira. Yesani kaye ngati dzina likugwira, \\CHUMA-PC\Zogawana, ndipo likagwira gwiritsani ntchito limenelo. Likakana, lowani mu rauta, funani DHCP, pamene palembedwa Address reservation kapena Static lease, mumangirire nambalayo kwa mwininyumba. Adiresi yolowera mu rauta ndi imene ipconfig imaonetsa pa Default Gateway, ndipo pasiwedi yake nthawi zambiri ili pa kapepala kunsi kwa rautayo.

Mwininyumba asamagonenso. Mu Power Options ikani Sleep pa Never pamene ili pa magetsi. Ndinayendapo ulendo wa ku Luchenza chifukwa cha laputopu imene mwini wake ankaitseka chivundikiro akamapita kukadya nkhomaliro, anzake n'kumati netiweki imafa 12 koloko iliyonse. Kwa a m'malabu a sukulu, dziwani kuti Windows 7, 10 ndi 11 zimalola makompyuta 20 okha nthawi imodzi, wa 21 adzakanidwa ngakhale zonse zili bwino.

Mukafika pano koma zikukanabe, pamenepo itanani wokonza. Mumutumizire zithunzi zitatu: uthenga wokanawo wonse mpaka nambala yake, ipconfig ya makompyuta onse awiri, ndi winver ya onse awiri. Jambulani molunjika, foni isanjenjemere, ndipo pukutani kaye sikirini, poti 192.168.1.20 ndi 192.168.1.28 pa chithunzi cha fumbi zimafanana.